Ambulera ya anthu a padoko: mbiri ya sitima yam'mwamba ya ku Liverpool

Okonda mpira wa ku England akudziwa kuti mu 2025 timu ya Everton, ya mumzinda wa Liverpool, inasamuka ku Goodison Park n'kukalowa m'bwalo latsopano m'mphepete mwa mtsinje wa Mersey, pamalo otchedwa Bramley-Moore Dock. Bwalolo limalowa anthu opitirira 52,000. Chiyambireni masewero kumeneko, nkhani ya mayendedwe sikutha pakamwa pa anthu, chifukwa siteshoni ya sitima yapafupi, ya Sandhills, ndi yaing'ono poyerekeza ndi chikhamu chimene chimatuluka nthawi imodzi mpira ukatha. Mkangano umenewu ukabuka, anthu a ku Liverpool sachedwa kutchula dzina limodzi: Overhead.

Overhead inali njanji. Dzina lake lonse linali Liverpool Overhead Railway, ndipo inkadutsa pa Bramley-Moore Dock pomwepo. Ngakhale makina amene ankaipangira magetsi anali pamenepo. Inayamba kunyamula anthu mu 1893, inatsekedwa mu 1956, ndipo lero mungayende msewu wonse wa padoko osadziwa kuti pamwamba pa mutu wanu pankathamanga sitima. Nkhani yake imasokoneza ambiri chifukwa muli mawu ndi mfundo zingapo zimene zimafuna kuzimasula imodziimodzi.

Sitima ya mumzinda ndi sitima yotani?

Kwathu kuno tikati sitima yapamtunda, maganizo amapita ku ija yochoka ku Limbe kulowera ku Balaka ndi ku Nayuchi. Ulendo wake ndi wautali, anthu amakwera ndi matumba a chimanga, pasiteshoni amagula mzimbe ndi nthochi pawindo, ndipo ukaiphonya udikira tsiku lina. Sitima imene tikukamba pano ndi ya mtundu wina. M'Chingelezi amati rapid transit, ena amangoti metro.

Chimene chimaisiyanitsa kwambiri ndi njira yake. Imakhala ndi njira yakeyake imene galimoto, ngolo, njinga kapena munthu wapansi sadutsamo. Popeza palibe choidula kutsogolo, masitima amatha kutsatana pakangopita mphindi zochepa, moti wokwera sasowa kuloweza nthawi. Amangofika pasiteshoni n'kudikira pang'ono. Masiteshoninso amakhala moyandikana, nthawi zambiri osakwana kilomita imodzi. Tangoganizani minibasi za pakati pa Blantyre ndi Limbe zitapatsidwa msewu wawowawo, wopanda maloboti, wopanda kabaza, wopanda woimitsa, ndipo iliyonse ikunyamuka nthawi yake ikakwana kaya yadzaza kaya ayi. Mwayandikira.

Thiramu ndi yosiyana nayo. Nayonso imayenda pa njanji, koma njanji zake zimakhala mumsewu momwemo, choncho msewu ukadzaza nayonso imaima. Palinso sitima zonyamula anthu opita kuntchito kuchokera m'madera ozungulira mzinda pa njanji wamba. Anthu a ku Lusaka amakumbukira ya mtundu umenewu, Njanji Commuter, imene inkayenda pakati pa Chilenje ndi George isanaime chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Kuti sitima ipeze njira yakeyake mumzinda wodzaza kale ndi nyumba, pali njira ziwiri zikuluzikulu: kuilowetsa pansi pa nthaka kapena kuikweza m'mwamba. Mzinda wa London unasankha pansi, n'kutsegula njanji yake yoyamba mu 1863. New York inasankha m'mwamba, kuyambira mu 1868. Liverpool inatsata New York.

N'chifukwa chiyani anaikweza m'mwamba?

Yankho lili m'maonekedwe a doko la Liverpool. Silinali doko limodzi ayi. Anali madoko ambirimbiri ondandalikana m'mphepete mwa mtsinje, lililonse ndi dzina lake: Alexandra, Canada, Huskisson, Sandon, Nelson, Clarence, Princes, Wapping, Brunswick, Toxteth, Herculaneum ndi ena. Kumbuyo kwa onsewa kunkadutsa msewu umodzi wautali, ndipo mumsewu umenewo munkadutsa chilichonse: ngolo zokokedwa ndi mahatchi zitasenza thonje, matabwa, tirigu, shuga ndi fodya, anthu zikwizikwi opita kukasaka ntchito, kuphatikizapo njanji ya katundu ya padoko. Pofika m'ma 1880 msewuwo unali utatsamwa.

Kukumba pansi kukanakhala kodula, ndiponso pafupi ndi madzi chonchi, pakati pa makoma a madoko ndi ngalande zolowera zombo, kukanakhala kovuta. Bungwe loyang'anira madoko, Mersey Docks and Harbour Board, linapeza chilolezo cha Nyumba ya Malamulo chomangira njanji yam'mwamba koma silinamange lokha. Mu 1888 panakhazikitsidwa kampani yapadera yoti igwire ntchitoyo, ndipo kumanga kunayamba mu 1889. Mainjiniya ake anali Sir Douglas Fox ndi James Henry Greathead, yemwenso anatsogolera ntchito yokumba njanji yamagetsi yapansi pa nthaka ya ku London.

Chimene anamanga tingachitche mlatho umodzi wautali kwambiri wosaoloka mtsinje uliwonse. Mizati yazitsulo inazikidwa m'mbali mwa msewu, pamwamba pake n'kugonekapo mitanda yazitsulo, mamita pafupifupi 5 kuchokera pansi. Mlathowo unali ndi zigawo 567, zambiri za mamita 15 m'litali. M'malo ena zigawozo zinkatha kutukulidwa kuti katundu wamtali adutse, ndipo pakhomo lolowera ku Stanley Dock panali mlatho wozungulira wopatsa njira zombo. Pa Bramley-Moore Dock pankachitika zachilendo: sitima inkatsika mpaka pansi kuti idutse kunsi kwa njanji ina yonyamula malasha, kenako n'kukweranso.

Pali chinthu chimodzi choti muchisunge m'mutu, chifukwa tidzabwereranso kwa icho. Pakati pa mitanda ija sanasiye mipata. Anayala zitsulo zopindika ngati malata okhuthala, zolumikizana bwino kuti madzi asadonthe, ndipo njanji zinagona pamwamba pa zimenezo. Choncho kunsi kwake kunali ngati khonde lalitali makilomita ambiri. Anthu ogwira ntchito padoko masiku amenewo ambiri anali aganyu. Ankasonkhana m'mawa ndi masana kudikira kuti kapitawo awasankhe, ndipo wosasankhidwa ankabwerera chimanjamanja. Liverpool ndi mzinda wa mvula. Poyembekezera, kapena poyenda kuchoka padoko lina kupita pa lina kukayesa mwayi, ankausa pansi pa njanjiyo. N'chifukwa chake inapatsidwa dzina loti Dockers' Umbrella, kutanthauza ambulera ya anthu a padoko.

Njanjiyo inatsegulidwa pamwambo pa 4 Febuluwale 1893 ndi Lord Salisbury, amene anakhalapo nduna yaikulu ya Britain, ndipo anthu wamba anayamba kukwera pa 6 Malichi. Poyamba inkachokera ku Alexandra Dock kukafika ku Herculaneum Dock. Mu 1894 anaitalikitsa chakumpoto mpaka ku Seaforth Sands, ndipo mu Disembala 1896 chakumwera mpaka ku Dingle. Uku ku Dingle kuli chinthu choseketsa pang'ono: mtunda wa kumeneko ndi wokwera, moti sitima yochokera m'mwamba inkalowa molunjika m'phiri, n'kuyenda mamita pafupifupi 800 mumdima, ndipo siteshoni yomaliza ya njanji yam'mwambayi inali pansi pa nthaka. Yonse pamodzi inafika makilomita pafupifupi 11.

Magetsi, njanji yachitatu, ndi sitima yopanda mutu

Sitima zam'mwamba za ku New York panthawiyo zinkakokedwa ndi injini zamalasha. Ku Liverpool nawonso anaganizapo zotero, koma anaopa. Injini yamalasha imalavula moto, ndipo pansi pake panali milu ya matabwa, mabelo a thonje ndi zombo. Aliyense amene anaonapo kanthethe kamodzi ka moto kakugwera pa udzu wouma m'mwezi wa Okutobala akumvetsa mantha amenewa. Injini yoteroyo ndi yolemeranso, ndiye mlatho ukanafuna zitsulo zambiri. Anasankha magetsi, ndipo Overhead inakhala njanji yam'mwamba yoyamba padziko lonse kuyendera magetsi.

Magetsiwo ankafika bwanji ku sitima? Sitima zina zimakoka magetsi ku waya wodutsa pamwamba. Iyi inkagwiritsa ntchito chimene amati njanji yachitatu. Kuwonjezera pa njanji ziwiri zoyendapo magudumu, pamakhala chitsulo china chachitatu chimene sichisenza kulemera kulikonse. Ntchito yake ndi kunyamula magetsi basi. Pansi pa bogi pamakhala kachitsulo kokhala ngati phazi kamene kamakhula chitsulocho sitima ikamayenda, n'kumatunga magetsi, a mphamvu ya mavolti pafupifupi 500. Kuponda pamenepo ndi imfa, ndipo ichi n'chifukwa china chimene njanji zoterezi zimafunira njira yotchingidwa. Poyamba chitsulochi chinali pakati pa njanji ziwiri zija. Pambuyo pake anachisamutsira kunja kuti chifanane ndi cha kampani ya Lancashire and Yorkshire Railway, imene njanji zake zinalumikizidwa ndi Overhead mu 1905 pa siteshoni ya Seaforth and Litherland. Kulumikizana kumeneku kunathandizanso kuti pa masiku a mpikisano wa mahatchi sitima zizifika ku Aintree.

Chinthu china chatsopano chinali chakuti sitimazo zinalibe mutu wokoka. Sitima imene tinazolowera imakhala ndi injini kutsogolo, mabogi n'kumangotsatira ngati ngolo kumbuyo kwa ng'ombe. Pa Overhead mamota anaikidwa pansi pa mabogi okwera anthu omwewo, ndipo kumbali zonse ziwiri kunali kachipinda ka woyendetsa. Ikafika kumapeto sinkafuna kutembenuzidwa. Woyendetsa ankangotsika, kuyenda kupita kumbali inayo, ulendo wobwerera n'kuyamba. Umu ndi mmene sitima za m'mizinda pafupifupi zonse zimapangidwira lero, kuyambira ku Cairo mpaka Gautrain ya ku Johannesburg.

Magetsi nawonso anali ndi ngozi zake. Mu Disembala 1901 mota ya sitima ina inayaka ili m'njira yapansi ija ya ku Dingle. Mphepo yodutsa m'mphangamo inakoleza motowo mpaka unafika pasiteshoni, ndipo anthu 6 anafa. Siteshoniyo inatsekedwa kwa nthawi yopitirira chaka.

Maloboti a pa njanji

Sitima siima msanga ngati galimoto, ndipo singakhotere pambali. Ndiye njanji imadulidwa m'zigawo, lamulo n'kukhala lakuti m'chigawo chimodzi musakhale sitima ziwiri. Kale izi zinkafuna munthu m'kanyumba pa chigawo chilichonse, wokoka zitsulo kuti akweze kapena kutsitsa chizindikiro. Pa Overhead sitima yokha ikadutsa inkatseka chizindikiro cha kumbuyo kwake, ndipo chinkatseguka ikafika patsogolo. Mu 1921 anaika nyale zamitundu zooneka ngakhale masana, zofanana ndi maloboti a pamsewu. M'zinthu ziwiri zonsezi njanjiyi inali patsogolo pa njanji zina za ku Britain. Pa Seaforth Sands anaikaponso masitepe oyenda okha mu 1901, ena mwa oyambirira pa siteshoni ya sitima.

Ankakwera ndani, ndipo anachepa bwanji?

M'mawa ndi madzulo munkadzaza anthu a padoko, amalinyero ndi makalaliki a m'maofesi a zombo a pa Pier Head, malo a m'mphepete mwa mtsinje pakati pa mzindawo. Masana munkakwera anthu ongofuna kuona. Madoko anali otchingidwa ndi khoma lalitali, moti woyenda pansi sankaona zam'kati, koma wokhala pawindo la sitima ankaona zonse: zombo zopita ku America ndi ku Africa, makina onyamulira katundu, ndi chinyumba cha njerwa chosungiramo fodya cha pa Stanley Dock, chimene chilipobe mpaka lero. Kampaniyo inkatsatsa ulendowu kwa alendo, ndipo ana asukulu ankabwera nawo kudzaona. Pa nthawi imene zinthu zinali bwino kwambiri, chakumapeto kwa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, okwera ankayandikira 20 miliyoni pachaka.

Koma njanjiyi inali ndi chilema chobadwa nacho. Inkayenda m'mphepete mwa madzi, kutanthauza kuti mbali imodzi kunali mtsinje, kumene sikukhala anthu, ndipo mbali inayo kunali nyumba zosungiramo katundu. Anthu ambiri ankakhala kumtunda. Thiramu zamagetsi za khonsolo ya mzinda zitayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, zinkawatenga pafupi ndi khomo pamtengo wotsika. Kampaniyo inayankha mu 1902 poika mamota amphamvu, ulendo wa mphindi 32 n'kukhala wa mphindi 20, koma liwiro limadya magetsi ndi zitsulo. Komanso moyo wa njanjiyo unali womangirira ku moyo wa doko. Malonda akatsika, monga mmene zinakhalira m'ma 1930, mabogi ankayenda opanda anthu.

Paja amati mvula ikakuona litsiro sikata. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itabuka, Liverpool linali khomo lalikulu lolowera chakudya ndi zida kuchokera kutsidya la nyanja ya Atlantic, ndipo ndege za Germany zinaliphulitsa kwambiri mu 1940 ndi 1941, makamaka mu Meyi 1941. Njanjiyo inaduka m'malo angapo. Inkakonzedwa mwachangu chifukwa ntchito ya padoko inkaidalira, koma siteshoni ya Princes Dock sinatsegulidwenso. Nkhondo itatha kampaniyo inayamba kukonzanso mabogi ena, kuwaveka zitsulo zopepuka ndi zitseko zotseguka zokha. Okwera anali adakali mamiliyoni angapo pachaka. Sitima zinkayenda bwinobwino. Vuto linali kunsi.

Ndalama zoyendetsera ndi ndalama zomangiranso

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa amafunsa kuti: ngati anthu ankakwera, inatsekedwa bwanji? Pa chinthu chilichonse chonyamula anthu pamakhala mitundu iwiri ya ndalama. Mtundu woyamba ndi wa tsiku ndi tsiku: malipiro, magetsi, girisi, penti. Mtundu wachiwiri umabwera kamodzi pa zaka makumi angapo, pamene chinthu chachikulu chatha ndipo chikufunika kusinthidwa chathunthu. Mwini minibasi amadziwa zimenezi. Ndalama za matikiti zimakwanira mafuta, dalaivala ndi kondakitala, n'kutsalako pang'ono. Koma tsiku limene injini yagogoda, ngati sanasunge kanthu, minibasiyo imakwera pamiyala ngakhale kuti pasiteji anthu adakali pamzere.

Injini yogogoda ya Overhead inali ambulera ija. Kumbukirani kuti kunsi kwa mlathowo kunkadutsa njanji ya katundu ya padoko, ndipo injini zake zinali zamalasha. Kwa zaka zoposa 60 utsi wawo unkamenya zitsulo zoyalidwa zija chapansi. Mu utsi wa malasha muli sulufule, ndipo akasakanikirana ndi chinyezi amasanduka asidi wodya chitsulo. Pamwamba napo, timiyala ndi fumbi zinkatseka tingalande totulutsa madzi, mvula n'kumakhazikika m'mapindiko a zitsulozo. Onjezerani mphepo yamchere yochokera kunyanja ndi kugwedezeka kwa sitima tsiku lililonse. Amene anafolerapo khitchini ndi malata adziwa kuti denga la kumeneko limabooka msanga kuposa la nyumba yogona, ngakhale malatawo anagulidwa tsiku limodzi. Zitsulo zimene zinkatchinjiriza anthu ku mvula n'zimene zinkasunga madzi ndi utsi umene unazidya.

Kampaniyo inkamata zigamba ndi kupenta, koma dzimbiri linkathamanga kuposa okonza. Cha m'ma 1955 akatswiri anaunika mlatho wonse n'kupeza kuti zitsulo zoyalidwazo zikufunika kusinthidwa m'zaka zochepa zikubwerazo. Mtengo wake unali mapaundi 2 miliyoni. Kwa kampani yaing'ono ya njanji imodzi, yokhalira ndalama za matikiti otsika mtengo, imeneyi inali ndalama yosalota n'komwe.

Njanji ya ndani?

Mu 1948 boma la Britain linatenga njanji pafupifupi zonse za m'dzikomo n'kuziika pansi pa ulamuliro wake. Kutenga kotereku kumatanthauza kuti phindu ndi ngongole za njanji zonse zimalowa m'thumba limodzi, moti njanji yodwala imatha kuchiritsidwa ndi ndalama zochokera kwina kapena zamisonkho. Mersey Railway, njanji yodutsa pansi pa mtsinje kuchoka ku Liverpool kupita ku Birkenhead, inalowa m'thumba limenelo, ndipo ikuyendabe lero ngati mbali ya Merseyrail, njanji zamagetsi za m'dera la Liverpool. Overhead inasiyidwa kunja. Inakhalabe ya anthu a masheya.

Ndiye ngongole ya mapaundi 2 miliyoni itatulukira, kampaniyo inagogoda pa zitseko ziwiri. Choyamba chinali cha khonsolo ya mzinda wa Liverpool. Chachiwiri chinali cha bungwe la madoko, limene antchito ake ndiwo ankakwera kwambiri ndiponso injini zake ndizo zinkafukiza mlathowo. Zokambirana zinachitika, koma palibe amene anavomera kuisenza.

N'zosavuta kuwaweruza lero, koma aliyense anali ndi zifukwa zake. Khonsolo inali ndi mzinda wophulitsidwa ndi mabomba wofunika kumangidwanso, anthu ambiri opanda nyumba zabwino, ndiponso inali ndi mabasi akeake amene inkakhulupirira kuti angathe kugwira ntchitoyo motchipa. Panthawi yomweyo inali ikuchotsa thiramu zake, zimene zinatha mu Seputembala 1957. Bungwe la madoko linkaona kuti ntchito yake ndi ya zombo ndi katundu, osati yonyamula anthu. Eni masheya nawo sakanathira ndalama pa chinthu chimene sichikanawabwezera. Zili ngati mjigo wa pamudzi: aliyense amatungapo, aliyense amavomereza kuti ndi wofunika, koma ukathyoka funso limakhala lakuti unali wa ndani, wa komiti, wa amfumu, kapena wa amene anaukumba.

Ena amanena kuti ikanakhala m'manja mwa boma kapena khonsolo ikanapulumuka, ndipo amaloza ku Glasgow, kumene khonsolo inatenga njanji yapansi pa nthaka mu 1923 ndipo ilipobe, kapena ku Chicago, kumene bungwe la boma linatenga njanji zam'mwamba mu 1947 ndipo zikuyendabe pakati pa mzinda. Ena amayankha ndi chitsanzo cha New York. Kumeneko mzinda unatenga njanji zam'mwamba mu 1940, koma unazigwetsabe za ku Manhattan imodzi ndi imodzi, yomaliza ikuluikulu, ya Third Avenue, mu 1955. Anthu ambiri a nthawi imeneyo ankaziona ngati zaphokoso, zodetsa ndi zotchinga dzuwa m'misewu, ndipo tsogolo ankaliona m'galimoto ndi m'basi.

Kutseka, ndi zimene zinatsala

Njanji imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo singangotsekedwa ndi loko. Kampaniyo inali ndi udindo woyendetsa sitima, choncho panafunika lamulo lina loimasula ku udindowo, ndipo linaperekedwa mu 1956. Anthu anadandaula, misonkhano inachitika, koma madzulo a pa 30 Disembala 1956 sitima ziwiri zomaliza zinanyamuka, ina kumpoto ina kumwera, zitadzaza. Ntchito yonyamula anthu m'msewu wa padoko inapita ku mabasi a khonsolo, amene ankayenda mumsewu womwe uja njanjiyo inamangidwira kuti iuthawe.

Mlathowo unaima chilili kwa miyezi 9, ena akuyembekezabe kuti papezeka woupulumutsa. Ogwetsa anayamba mu Seputembala 1957 ndipo pofika kumayambiriro kwa 1959 anali atamaliza. Zitsulo zinapita kokasungunula.

Zotsala ndi zochepa, ndipo zimafuna diso lodziwa. M'khoma la padoko, cha ku Wapping ndi ku Princes Dock, muli zidutswa za mizati zimene zinadulidwa n'kusiyidwa momwemo. Ku Herculaneum, mukakweza maso pathanthwe, mumaona khomo la mphanga ya ku Dingle lili m'mwamba, lopanda chilichonse chofikapo, ngati chitseko cha nyumba yosanja imene masitepe ake anachotsedwa. Siteshoni yapansi ya Dingle inakhala galaja yokonzera galimoto kwa zaka zambiri, ndipo mu 2012 mbali ina ya mphangayo inagumuka, mabanja a pamwamba pake n'kusamutsidwa kwa kanthawi. Ku Museum of Liverpool, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa mu 2011 pa Pier Head, kuli bogi imodzi yamatabwa, nambala 3. Anaiika pamwamba pa mizati, pa msinkhu womwe inkayendapo, moti mlendo amayamba waima kunsi kwake, monga ankachitira aganyu aja, asanakwere kukaona mipando yake.

Mafunso amene akadali poyera

Funso loyamba ndi lakuti, kodi ikanakonzedwa ikanakhalitsa? Amene amati ayi amakumbutsa kuti patangopita zaka zochepa, ntchito ya padoko inasinthiratu. Makontena anabwera, ndipo ntchito imene inkafuna gulu la amuna kwa masiku angapo inayamba kugwiridwa ndi makina m'maola ochepa. Mu 1972 madoko a kumwera anatsekedwa, doko latsopano la makontena n'kutsegulidwa ku Seaforth. Sitima yokonzedwa ndi mapaundi 2 miliyoni ikanayamba kudutsa pakati pa mabwinja. Amene amati inde amaloza zimene zinadza pambuyo pake: Albert Dock inakonzedwa m'ma 1980 n'kukhala malo okopa alendo, m'nyumba zosungiramo katundu munalowa anthu okhalamo, ndipo tsopano kwabwera bwalo la mpira. Amalozanso ku London, kumene mu 1987 anatsegula Docklands Light Railway, njanji yamagetsi yoyenda kwambiri m'mwamba, pofuna kudzutsa madoko akufa. Koma pakati pa 1956 ndi nthawi imeneyo pali zaka pafupifupi 30, ndipo wina akanayenera kulipira zotayika chaka ndi chaka.

Funso lachiwiri ndi la amene ayenera kulipira chinthu chikatha. Kodi ndi wokwera kudzera pa tikiti, ndi olemba ntchito amene antchito awo amafika msanga, ndi eni malo amene mitengo yake imakwera chifukwa cha siteshoni, kapena ndi okhoma msonkho onse, kuphatikizapo amene sadzakwerako? Mizinda imayankha mosiyanasiyana. Funsoli silili kutali ndi Africa: Addis Ababa inatsegula njanji yake ya mumzinda mu 2015, Lagos inayamba kuyendetsa Blue Line mu 2023, zonse zili ndi zigawo zam'mwamba, ndipo tsiku losintha zitsulo ndi mabogi lidzafika kwa izonso.

Lachitatu ndi la njira yokhayo. Njanji ikatsekedwa, kodi malo amene inkadutsa asungidwe opanda kanthu kuti mwina mibadwo ina idzawafuna, kapena aperekedwe kwa omanga? Kusunga kumadya ndalama ndipo kumatsekereza chitukuko china. Kupereka kumatseka khomo mpaka kalekale.

Ndipo ku Liverpool komweko funso la msewu wa padoko silinayankhidwe. Merseyrail ili ndi njanji yoyenda kumpoto ndi kumwera chakumtunda pang'ono, imene inalumikizidwa pansi pa mzinda mu 1977, ndipo ena amati imeneyo ndi yokwanira ikangowonjezeredwa masiteshoni ndi masitima. Mapulani obwezeretsa thiramu, otchedwa Merseytram, anagwa mu 2005 boma litakana kupereka ndalama zimene linalonjeza. Ena amafuna mabasi a njira yawoyawo, ena njanji yatsopano m'mphepete mwa madzi. Otsutsa amafunsa ngati n'kwanzeru kumanga njanji chifukwa cha bwalo limene limadzaza masiku owerengeka pachaka, pamene ovomereza amati nyumba ndi maofesi amene akukonzedwa kumadoko a kumpoto adzabweretsa okwera a tsiku ndi tsiku amene Overhead inkawasowa.